Ndinathawa Dokotala, Ndinakagwera pa Lezala

Kwathu ku Mfuwe chaka timachiwerenga ndi alendo. Mvula ikatha, misewu ya m'paki ya South Luangwa ikauma, makampu a m'thengo amatsegulidwa, ndege zimayamba kutera motsatizana, ndipo aliyense amene ali ndi ntchito paloji amaiwala za kwawo mpaka mitambo ya Novembala itayamba kusonkhana. Ine ntchito yanga ndi yoperekera zakudya patebulo. Ndinaiphunzira ndili mnyamata, ndipo mkulu amene anandiphunzitsa ankakonda kunena kuti mlendo asanalawe supu amayamba waona nkhope ya amene wamubweretsera. Mawu amenewo anakhazikika mumtima mwanga. Zonse zimene ndikuulula pano ndinazichita pofuna kuteteza nkhope imeneyo, ndipo ndi zomwezo zimene zinatsala pang'ono kuiwononga.

Anayamba kuchiona chotupa changa ndi mnyamata wometa tsitsi ku Cropping. Makina ake atafika pafupi ndi khutu lamanzere anaima n'kunena kuti, "Akulu, pano pali kanthu." Ndinagwirapo. Kanali kutsogolo kwa khutu, chakumunsi pang'ono, pamene nsagwada imakhotera. Kanali kolimba, kosalala, ndipo ukakakankha ndi chala kankasuntha pansi pa khungu. Sikankawawa ngakhale pang'ono. Tinali pakati pa nyengo ya alendo, matebulo odzaza m'mawa ndi madzulo, ndiye ndinati ndidzapita kuchipatala makampu akatsekedwa. Makampu atatsekedwa kunali kubzala. Kubzala kutatha mtsinje wa Lupande unasefukira, njira zinavuta. Madzi ataphwa alendo anabweranso. Chaka chinatha choncho, chinanso chinatsatira. Malungo akakugwira m'chigwa muno sufunika wokuuza kuti upite kuchipatala, thupi lokha limakuthamangitsa. Koma chinthu chosawawa chimakulola kudya, kugona ndi kugwira ntchito, ndipo tsiku lililonse umapeza china chofunika kuchitidwa msanga kuposa icho.

Chitakula mpaka kuyamba kukankhira nsonga ya khutu m'mwamba, aliyense anabwera ndi maganizo ake. Azakhali anati ndi matsagwidi amene anachedwa kutuluka ndili mwana. Koma matsagwidi amawawa, amabwera ndi kutentha thupi, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri amaphwa okha. Mnzanga wa kukhitchini anati ndi mafinya obisika, ndipo ndinagula makapusozi pakantemba n'kumwa mpaka m'mimba munasokonekera. Wina anati gwero lake ndi dzino lakumapeto. Ndinapita kwa munthu wina wozula mano kunyumba kwake, ndipo anandizula dzino limene linalibe vuto lililonse. Nkhama zinapola, chotupa chili pompo.

Panalinso mawu ena amene sankanenedwa pamaso panga. Kwathu munthu wamkulu akatupa pafupi ndi makutu, anthu amanong'onezana za kachilombo. Manong'onong'owo ali ndi pochokera: HIV imathadi kutupitsa tiziwalo topanga malovu, kawirikawiri mbali zonse ziwiri, ndi timatumba tofewa ta madzi, ndipo munthu akayamba kumwa ma ARV nthawi zambiri timaphwa. Mawu amenewa akananditumiza kuchipatala, koma ine ananditsekera njira. Ndinkaopa kuyezedwa magazi. Ndinasiya ndevu kuti zikule, ndipo patebulo ndinazolowera kuima chopendeka kuti mlendo aziona tsaya lakumanja lokha.

Anathetsa zimenezi ndi mkazi wanga. Tsiku lina m'mawa anavala chitenje chake cha kutchalitchi, anatenga kabuku kanga ka kuchipatala, n'kuima pakhomo. "Bambo a mwana, lero kuntchito simupita musanadzere kuchipatala cha ku Kakumbi. Ngati ndi magazi, tikayezetsa tonse awiri." Tinayezetsa, ndipo tonse tinapezeka tilibe kachilombo. Kenako a clinical officer anandikhazika pampando n'kuyamba kundiuza zochita. Kwezani nsidze. Tsinzinani mwamphamvu. Tukumulani masaya. Onetsani mano. Imbani mluzu. Anapapasa m'khosi monse, anaunika m'kamwa ndi tochi mpaka kummero. Atamaliza anati nkhope yonse ikugwira ntchito, ndipo chimenecho n'chizindikiro chabwino. Anatinso chotupa chotere sichitha ndi mapiritsi, ndipo wina aliyense asachiboole kapena kuchicheka. Mawu omalizawo anawabwereza akundiyang'ana m'maso. Anandilembera kalata ya ku Kamoto, chipatala cha mishoni cha Reformed Church in Zambia, ndipo a ku Kamoto anandilembera ina yopita nayo ku Chipata Central Hospital.

Kalata ya ku Chipata ndinailandira kumayambiriro kwa 2020. Posakhalitsa matenda a korona anatseka dziko. Ndege zinasiya kutera, maloji anangoti zii, ndipo ambiri a ife tinauzidwa kuti tikadikire kunyumba. Matipu, amene ankagula sopo ndi mayunifolomu a ana, anauma. Ndalama ya basi ya ku Chipata, mtunda wa makilomita oposa 100, inapita ku ndiwo ndi kuchigayo. Kalatayo ndinaiika m'katoni pamodzi ndi makhadi a sikelo a ana, m'kachipinda momwe tinkasunga matumba a chimanga. Usiku wina chilimwe chitafika pachimake, njovu inanunkhiza chimangacho. Inagumula khoma la njerwa zosawotcha, inayamba kukoka matumba ndi chitamba, ife tili phee m'chipinda chinacho titakumbatira ana, tikumva mpweya wake kuseri kwa khoma. Palibe amene anavulala. Koma denga linapendekeka, ndipo mvula yoyamba inagwa tisanalikonze. Nditatsegula katoni ija, mapepala anali atamatana, inki yonse itasungunuka. Kukapempha kalata ina sikunali kovuta. Chinandigwira ndi manyazi: ndikanayankha chiyani atandifunsa kuti miyezi yonseyi ndinali kuti? Ndinakhalanso.

Alendo atayambanso kubwera, mkazi wanga anandiperekeza kachiwiri kukapempha kalata ina, ndipo palibe amene anandikalipira. Ku Chipata anandijambula ndi makina a ultrasound, omwe aja amajambulira amayi oyembekezera, n'kunena kuti si mwanabere, si chithupsa, chotupacho chili mkati mwenimweni mwa chiwalo chopanga malovu. Ananditumiza ku University Teaching Hospital (UTH) ku Lusaka.

Basi yochokera ku Mfuwe imanyamuka tambala asanalire. Kuti ukafike pamene imaima umayenda ndi tochi, makutu ali tcheru chifukwa cha njovu ndi mvuu zimene zimakhala zisanabwerere kumtsinje. Kuchoka apo ndi Jumbe, Chipata, Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, mapiri okhotakhota a ku Kacholola, mlatho wa Luangwa pamene amayi amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, mpaka ku Lusaka dzuwa litapendeka, pafupifupi makilomita 700. Inshuwalansi ya NHIMA, imene inayamba mu 2019 ndipo amatidula 1 peresenti pamalipiro, imathandiza pa za kuchipatala, koma basi, chakudya ndi pogona siilipira. Pofuna kupulumutsa ndalama ndinapita ndekha, n'kukafikira kwa alamu anga ku Mtendere.

Dokotala amene anandiona anali mayi wodekha. Anatenga singano yopyapyala, anailowetsa m'chotupacho, anaiyendetsa pang'ono, n'kupaka zimene zinatuluka patimagalasi. Anati singano yotere imatenga tizidutswa tokwana kukaunika kulabotale popanda kung'amba chotupacho. Zotsatira zitatuluka anandikhazika pansi, anatenga pepala n'kujambulapo nkhope ya munthu.

Anandionetsa kuti mbali iliyonse ya nkhope ili ndi tiziwalo titatu tikulutikulu ta malovu: kutsogolo kwa khutu, pansi pa nsagwada, ndi pansi pa lilime. Palinso ting'onoting'ono mazanamazana tomwazikana m'milomo, m'masaya ndi kumwamba kwa m'kamwa. Tonse pamodzi timatulutsa malovu pafupifupi lita imodzi patsiku. Chachikulu koposa ndi cha kutsogolo kwa khutu, chotchedwa parotid, chomwe chija chimatupa mwana akadwala matsagwidi. Zotupa za m'tiziwalo timeneti sizioneka kawirikawiri, moti wogwira ntchito pachipatala chakumudzi angathe kukhala zaka zambiri n'kuonapo zochepa chabe. Pafupifupi 8 mwa 10 zilizonse zimamera mu parotid, ndipo mwa zimenezo pafupifupi 8 mwa 10 si khansa. Koma kachiwalo kakamachepa, chiopsezo chimakula: pansi pa nsagwada zotupa zoyandikira theka zimakhala khansa, ndipo m'kamwa ndi pansi pa lilime ndi theka kapena kupitirira.

Changa anati ndi pleomorphic adenoma, chotupa chofala kuposa zonse za m'gululi, chokula pang'onopang'ono, chosakhala khansa. Mtima unakhala pansi. Koma anapitiriza kuti chiyenera kuchotsedwa ndithu, chifukwa sichisiya kukula, ndipo zina mwa zotupa zotere zikakhala zaka zambiri zimasanduka khansa yoopsa. Kenako anajambula mzere wochokera kunsi kwa khutu, wolowa m'chiwalocho n'kugawika nthambi zisanu. Umenewu, anatero, ndi mtsempha woyendetsa nkhope. Nthambi ina imakweza chipumi, ina imatseka diso, ina imayendetsa tsaya ndi mlomo wam'mwamba, ina mlomo wam'munsi, yomaliza imatsikira kukhosi. Umadutsa pakati pa chiwalocho monga muzu wa mtengo umadutsira m'chulu: ukafuna kuchotsa dothi muzu osaduka, umayamba wapeza pamene wayambira, n'kumautsatira pang'onopang'ono mpaka kunsonga. N'chifukwa chake opaleshoniyo imatenga maola. Anandiuza mosabisa kuti ena amadzuka nkhope itafooka mbali imodzi n'kuchira pakapita masabata kapena miyezi, ndipo ochepa kwambiri amatsala choncho. Ndinasaina pepala, anandipatsa tsiku logonekedwa.

Madzulo a tsikulo, pabedi loyandikana ndi langa panali bambo wachikulire. Mbali yakumanja ya nkhope yawo inali itagwa. Diso silinkatseka, linali lofiira, misozi ikungoyenderera patsaya. Akamamwa tiyi, wina ankatulukira pakona ya mlomo, akazi awo n'kumawapukuta ndi kansalu. Pansi pa khutu panali bandeji. Sindinawafunse kanthu. Ndinaona bandeji, ndinaona nkhope, mtima wanga unamaliza wokha nkhani yonse: awa awachita opaleshoni yomwe ine ndikuidikirayi. Ndinadziona nditanyamula thileyi ndi nkhope imeneyo, ana anga akuchotsedwa sukulu, mkazi wanga akundipukuta pakamwa. Tulo sitinabwere. Kusanache, anamwino atatanganidwa ndi wodwala wina kumapeto kwa wodi, ndinavala malaya, ndinanyamula chikwama, n'kutuluka mwakachetechete. Ndinakafika ku Intercity n'kukwera basi ya kum'mawa. Alamu anga sindinawatsanzike. Foni ndinaizimitsa. Nthawi ya kufiyeta imene anandisungira, imene wodwala wina akanapulumukirapo, inapita pachabe.

Kunyumba ndinanama. Ndinauza mkazi wanga kuti madokotala apeza kuti si khansa, ndipo ati sipafunikanso opaleshoni. Theka la mawuwo linali loona, n'chifukwa chake bodzalo linagwira. Iye anagwada pomwepo n'kuthokoza Mulungu, ine ndikuyang'ana pansi. Alamu anga ndinawaimbira padera n'kuwapempha kuti asanene kanthu.

Chotupacho chinapitiriza kukula mpaka kudzaza chikhatho. Ndevu sizinathenso kuchibisa. Ana a alendo ankachiyang'anitsitsa, makolo awo n'kumawatembenuza mutu. A manijala anandiitana mwaulemu n'kundifunsa ngati ndikufuna tchuthi chokaonana ndi madokotala, koma m'makutu mwanga zinamveka ngati ntchito yatsala pang'ono kutha. Ku Lusaka ndinkaopa kubwerera, poopa mpeni komanso poopa maso a anthu amene ndinawathawa. Ndiye mnzanga wina atandiuza za sing'anga wa kutali ndi kwathu, amene akuti amachotsa zotupa popanda kugoneka munthu, ndinatchera khutu. Ndinatenga ndalama zimene tinkasungira malata, ndinauza mkazi wanga kuti ndikupita kumaliro a m'bale wa mnzanga wa kuntchito, n'kupalasa njinga.

Anandikhazika pamphasa kuseri kwa nyumba. Poyamba anatema mphini kuzungulira chotupacho n'kupakamo phulusa lakuda la mizu. Kenako anati chinthucho chili ndi mutu wake mkati, ndipo ukapanda kutuluka chidzabwereranso. Anamasula lezala latsopano papepala lake, wothandizira wake n'kupanikiza mutu wanga pabondo lake. Mawu a clinical officer aja anandibwerera bwinobwino, koma ndinali nditalipira kale, ndipo ndinakhala chete. Atacheka anafinya ndi zala zake zazikulu zonse ziwiri. Mafinya sanatuluke. Kunatuluka magazi ambiri, ndi tinthu totuwa, toterera, tonyenyekanyenyeka, timene anatiika patsamba n'kundionetsa kuti ndiwo matenda aja. Anamanga chilondacho ndi nsalu n'kundiuza kuti ndisasambe kumutu. Alipo asing'anga amene akaona chotupa chotere amamuuza munthu kuti apite kuchipatala. Ameneyu sanatero, ndipo ine ndinamufunafuna dala chifukwa ndinkadziwa kuti sadzatero.

Kwa mkazi wanga ndinati ndagwa panjinga. Patapita masiku ochepa tsaya lonse linatupa, linatentha, chilonda chinayamba kununkha. Ndikangoona nsima, madzi oyera ankatuluka pachilondapo n'kutsikira m'khosi. Anali malovu, lezala litawatsegulira njira yapakhungu. Usiku wina thupi linatentha mpaka mano kugundana. Panthawi imeneyo panja sipayendeka chifukwa cha njovu, ndiye tinadikira kuti kuche, iye akundinyowetsa pachipumi ndi nsalu. Usiku umenewo ndinamuuza zonse: za bambo a diso lofiira, za basi, za ndalama za malata, za mphasa ndi lezala. Sanakuwe, sanandinyoze. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Bambo a mwana, nkhope yanu ikanapindika ndikanakhala nayo. Chikundipweteka n'chakuti munandisiya ndikugwadira Mulungu pa bodza." Kutacha anaitana wa njinga yamoto.

Kuchipatala anatsuka chilondacho, anandibaya majakisoni, ndipo chinatenga nthawi yaitali kuti chiume. Chitauma, mkazi wanga anatenga ndalama kugulu lawo la chilimba, tinagulitsa mbuzi, ana tinawasiya kwa apongozi, n'kukwera basi tonse awiri.

Ndinali nditakonzeka kukalipiridwa. Dokotala uja anawerenga fayilo yanga, anayang'ana chipsera, anandiuza kuti nditsinzine ndi kuonetsa mano, kenako anandifotokozera zimene lezala lija linachita. Pleomorphic adenoma imakutidwa ndi kakhungu kopyapyala kwambiri. Kakang'ambika, tizidutswa ta chotupacho timamwazikira m'mnofu wozungulira, ndipo kalikonse kangathe kudzamera pakokha patapita zaka, chotupa chimodzi n'kusanduka zingapo. N'chifukwa chake madokotala anasiya kalekale kungosolola chotupa chokhacho. Amachichotsa chathunthu, pamodzi ndi mbali ya chiwalo yochizungulira. Komanso chilonda chikaola, chipsera chake chimamata mnofu ndi mtsempha pamodzi, moti kuzilekanitsa kumavuta. Opaleshoni imene ndinaithawa inali yophweka poyerekeza ndi imene tsopano inkandidikira. Anandijambula ndi CT scan kuti aone pamene chafika, n'kundipatsa tsiku lina. Ndinapepesa. Anati chofunika n'chakuti ndabwera.

Pabenchi yodikirira ndinakumananso ndi bambo aja. Anali ataonda, koma ankayenda okha. Anandizindikira. "Mwana wanga, si iwe unasowa usiku uja?" Ndinavomera kuti ndine, atata, ndipo ndinawauza chimene chinandithawitsa. Anapukusa mutu. "Tsiku lija anali asanandichite opaleshoni. Bandeji ija inali ya chilonda, chotupacho chinali chitaboola khungu chokha. Nkhopeyi anaigwetsa ndi matenda, si dokotala ayi. Changa chinakhala zaka zambirimbiri chosawawa, kenako chinangoyamba kuthamanga." Iwo atachitidwa opaleshoni anakawotchedwa ndi makina ku Cancer Diseases Hospital, chipatala cha khansa chimene chinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funso limodzi madzulo aja, kwa iwo kapena kwa namwino, likanandisiya pabedi paja mpaka m'mawa. Nkhope imene inandithawitsa inkandionetsa kumene kuchedwa kumafikitsa munthu, ine n'kuthawira komweko.

Nditatsitsimuka kuchokera kufiyeta, khosi litalemera, kapaipi kotulutsa magazi kakulendewera pansi pa khutu, dokotala anali pambali pa bedi. Tsinzinani. Diso linatseka. Kwezani nsidze. Chipumi chinakwinyika mbali zonse. Onetsani mano. Mlomo wam'munsi chakumanzere sunatsike. Anati mtsempha waukulu ndi nthambi zinayi zili bwino, koma nthambi ya mlomo wam'munsi inali itamatirira m'chipsera, ndipo inavulala poilekanitsa. Anachotsanso khungu lonse la pamene panadutsa lezala. Zotsatira za kulabotale zinabwera patapita masabata: chotupacho chinali chisanasanduke khansa. Koma chifukwa chakuti chinang'ambidwa, ndiyenera kumapita kukaonedwa kwa zaka zambiri. Chikadzameranso, opaleshoni yachiwiri idzakhala yoopsa kwambiri kwa mtsempha uja, ndipo mwina padzafunika kuwotcha.

Mlomo unachira pang'ono, koma wonse ayi. Ndikaseka umapendekeka. Nsonga ya khutu ili ndi dzanzi, chifukwa kamtsempha ka khungu la pamenepo kamadutsa m'njira ya mpeni. Patapita miyezi panabukanso china: ndikamadya, makamaka zowawasa monga bwemba kapena mango osapsa, tsaya lamanzere limatentha n'kutuluka thukuta. Mantha anandigwira, koma ulendo uno ndinafunsa. Anandiuza kuti timitsempha tolamula chiwalo kuti chipange malovu tikaduka timameranso, ndipo tina timasochera n'kukalumikizana ndi tiziwalo ta thukuta ta pakhungu. Thupi likamaitanitsa malovu, pamenepo pamatuluka thukuta. Anazifotokoza bwino mu 1923 ndi dokotala wamkazi wa ku Poland, Łucja Frey, ndipo vutoli limadziwika ndi dzina lake. Siloopsa. Ndimangoyenda ndi mpango m'thumba. Ntchito yanga sinathe, ndinabwerera patebulo. Malata ndi amene sanagulidwebe, ndipo ngongole ya chilimba tinaibweza movutika. Kuti mkazi wanga ayambenso kukhulupirira mawu anga kunatenga nthawi yaitali kuposa kupola kwa chilonda.

Pamabenchi a ku Chipata ndi ku Lusaka ndaphunzira kuti kutupa kwa malo amenewa kuli mitundumitundu. Pansi pa nsagwada pakamatupa ndi kuwawa nthawi ya chakudya kenako n'kuphwa, kawirikawiri kamakhala kamwala kotseka njira ya malovu. Anabere a m'khosi osaphwa angakhale a TB kapena a HIV, ndipo zonsezi zili ndi mankhwala. Mwana amene nsagwada yake yatupa mofulumira m'masabata ochepa, mano n'kuyamba kugwedera, angakhale ndi khansa imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, yofala m'madera a malungo ngati kwathu kuno, ndipo imamva mankhwala mwanayo akafika msanga. Zala za azakhali, za mnzathu wa kuntchito kapena zathu zomwe sizingasiyanitse zimenezi. Chotupa chilichonse cha pafupi ndi khutu, pansi pa nsagwada kapena kumwamba kwa m'kamwa chikatha masabata atatu osaphwa, chikaonedwe, chiwawe chisawawe. Chikayamba kuwawa, kukula mofulumira pambuyo pokhala bata zaka, kuuma n'kusiya kusuntha, kubweretsa dzanzi kapena kufooketsa nkhope, musadikire kuti makampu atsekedwe kapena thonje ligulidwe. Khansa zina za m'tiziwalo timeneti, monga adenoid cystic carcinoma, zimayenda motsatira mitsempha ndipo zimatha kubwerera patapita zaka zambiri, n'chifukwa chake tsiku lolembedwa m'kabuku silidumphidwa ngakhale munthu akumva bwino.

Mtunda wa ku Lusaka ndi wautali ndithu, ndipo umphawi umabweza anthu ambiri asanafike n'ku Chipata komwe. Sindikuzichepetsa zimenezo. Koma ine mtundawo ndinaudutsa wonse, ndalama inapezeka, bedi linapezeka, dokotala analipo. Ndinagonja usiku umodzi, ndili ndekha, wopanda wondigwira mkono n'kundiuza kuti tiye tikafunse. Anthu ambiri amene amathawa m'zipatala sathawa chifukwa chosamva, amathawa chifukwa mantha awapeza ali okha. Tsono mawu angawa ndikulankhula makamaka kwa achibale. M'bale wanu akabwera kuchokera kuchipatala chachikulu n'kunena kuti madokotala ati sipafunikanso kanthu, chotupa chikuonekabe, m'pempheni mwaulemu akuonetseni zimene alemba m'kabuku. Ndipo akapatsidwa tsiku logonekedwa, kongolani, gulitsani mbuzi, koma pezani tikiti yachiwiri ya basi. Musamulole apite yekha.